Yapita kapena yakanika? Mmene Bitcoin, Ethereum, Tron, Solana ndi Lightning zimanenera ndalama ikatsakamira

Mwezi wa July, m'mawa kukuwaza kamvula kozizira kaja ka kuno ku Mzuzu, achemwali anga anandiimbira foni ali pa msika wa Taifa. Alamu ali ku Joni, ndipo usiku wake anali atatumiza madola 200 a USDT, ndalama ya pa intaneti yotsata mtengo wa dola ya ku America, oti achemwaliwo akaodere zitenje ku Kyela. "Achimwene, bambo a ana akuti atumiza, chithunzi chake anditumiziranso pa WhatsApp, koma kuno kulibe kanthu. Ndiwauze atumizenso?"

Ndinawapempha kuti asawauze kaye. Pa chithunzicho panali kachizindikiro kofiira ndi liwu limodzi lachingerezi, "Failed". Waleti imene alamu amagwiritsa ntchito, pulogalamu ya pa foni yosungira ndi kutumizira ndalamazi, sinanene china chilichonse. Sinanene ngati madolawo abwerera kwa iwo, sinanene ngati pali chimene chadulidwa, sinanenenso ngati kuyesanso kungathandize kapena kungowonjezera vuto. Zinanditengera mphindi makumi awiri, ndi bandulo imene inali pafupi kutha, kuti ndipeze yankho limene waletiyo ikanatha kulemba m'mizere iwiri.

Kuyambira tsiku limenelo, chida chilichonse cha blockchain, kaundula wa pa intaneti amene ndalama zoterezi zimalembedwamo, ndimachiyesa ndi mafunso atatu amene munthu amakhala nawo zinthu zikavuta. Ndalama yanga ili kuti pakali pano? Ndaluzapo chiyani? Nditumizenso kapena ndidikire? Kuthamanga kwa netiweki ndi kutchipa kwa yotumizira anthu amazikamba kwambiri, koma zimenezo n'za tsiku limene zonse zikuyenda bwino.

Ambirife tinazolowera Airtel Money ndi Mpamba. Mukaimba *211# kapena *444#, meseji imabwera yokhala ndi nambala ya malipirowo ndi ndalama yotsala, ndipo zikasokonekera pali ejenti pa kona, pali ofesi m'tauni, pali munthu woti mumudandaulire. Ku blockchain ofesi kulibe. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti ndalama za mtunduwu si ndalama zovomerezeka ndi lamulo m'dziko muno, choncho zikakutayikirani mulibe kothawira. Komabe kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu ochita geni yodutsa pa Songwe ndi amene ali ndi abale kunja anayamba kuzifunsa kwambiri. Ngati munthu wasankha kuzigwiritsa ntchito, meseji ya pa foni ndiyo ejenti wake, ndiyonso ofesi yake.

Bitcoin: siinena kuti yakanika, imangokhala chete

Bitcoin, imene inayamba mu January 2009, ili ndi khalidwe lachilendo kwa munthu wozolowera Mpamba. Malipiro akalowa m'kaundula ndiye kuti atheka. Akapanda kulowa amakhala pa mzere wodikira umene amautcha mempool. Palibe malo achitatu olembedwa kuti "zalephera". Buloko yatsopano, imene ili ngati tsamba latsopano la kaundulayo, imatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo makompyuta okumba, amene amalemba mabulokowo, amayamba kunyamula amene alipira yotumizira yambiri, ngati kondakitala wa pa depoti amene wayamba kukweza a ku Karonga n'kusiya a pa Ekwendeni.

Ndiye waleti imangolemba "Unconfirmed" kapena "Pending", ndipo ikhoza kukhala choncho ola limodzi, tsiku, ngakhale sabata. Pulogalamu ya Bitcoin Core, imene makompyuta ambiri a netiwekiyi amayendera, imasunga malipiro odikira kwa maola 336, amene ndi masiku 14, kenako n'kuwataya. Mzere ukadzaza kwambiri, olipira zochepa amatayidwa tsikulo lisanakwane. Apa pali msampha umene mawaleti ambiri safotokoza: kutayidwa pa mzere si kufafanizidwa. Malipiro amene munasaina aja, kutanthauza kuwavomereza m'waleti, akadali amoyo, ndipo wina aliyense amene ali ndi kope lake akhoza kuwabwezera pa mzere. Mukaona ndalama yabwerera m'waleti n'kulipira munthu uja kudzera njira ina, pali mpata woti mumulipire kawiri.

Ubwino wake ndi woti kudikirako sikukudyerani kanthu. Malinga ngati malipiro sanalowe m'buloko, yotumizira sinachoke. Ndipo mawaleti ngati Electrum ndi BlueWallet ali ndi batani lokwezera yotumizira, njira yotchedwa replace-by-fee, imene imalowetsa malipiro atsopano m'malo mwa akale kuti awiriwo asathe kupita onse. Wolandirayo nayenso akhoza kukankha: akatumiza ndalama yodikirayo kwa iye mwini ndi yotumizira yokwera, okumba amanyamula zonse ziwiri pamodzi. Webusayiti ya mempool.space ndi imene ndimaikonda pa nkhani yofotokoza, chifukwa imakuonetsani mzere wonsewo ndi pamene inu mwaima, komanso mtengo umene akukwerera amene ali kutsogolo.

Pa mafunso anga atatu aja, Bitcoin imayankha bwino lachiwiri, koma loyamba ndi lachitatu imasiyira inu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, komatu munthu amene basi ya ku Songwe ikumudikira alibe masiku 14.

Ethereum: imanena zambiri, koma m'chinenero cha opanga mapulogalamu

Apa ndipo pali nkhani yaitali, chifukwa Ethereum ili ndi njira zosachepera zitatu zokanikira, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Yoyamba ndi kukanidwa pakhomo. Waleti imayesa kutumiza, netiweki n'kukana nthawi yomweyo ndi mawu ngati "insufficient funds for gas" kapena "nonce too low". Mawuwo ndi oopsa powaona, koma kukanika kumeneku ndiko kotchipa kuposa konse: palibe chalembedwa m'kaundula, palibe chadulidwa. Kawirikawiri tanthauzo la mawu oyambawo n'loti muli ndi USDT koma mulibe ETH, ndalama ya Ethereum, yolipirira ulendo. Anthu ambiri atsopano amadabwa nazo zimenezi. Zili ngati kukhala ndi katundu wodzaza thumba koma opanda ya kabaza.

Yachiwiri ndi yopweteka. Malipiro amalowa m'buloko, pulogalamu n'kuyamba kugwira ntchito, kenako n'kuima panjira. Ndalama imene mumatumiza imakhalabe yanu, koma gasi, amene ndi malipiro a ntchito ya makompyuta, wapita. Wa njinga yamoto amene wakunyamulani pa Katoto n'kukapeza msewu wa ku Mchengautuwa watsekedwa amakubwezani, koma mafuta amene wawotcha mumalipira ndithu. Kutumiza ETH wamba kumadya gasi 21,000 ndipo sikukanikakanika. Zimene zimakanika ndi zodutsa m'makontirakiti, amene ndi mapulogalamu a pa netiwekiyi, monga kutumiza USDT kapena kusinthanitsa ndalama ina ndi ina. Ngati pulogalamu yaima dala, gasi wotsala amabwezedwa. Ngati gasi wathera panjira, yense amene munaika wapita.

Ethereum inayamba mu July 2015, ndipo kwa zaka ziwiri zoyambirira lisiti yake inalibe n'komwe malo onena kuti ntchito yatheka kapena ayi. Anthu ankachita kuyerekeza poona kuchuluka kwa gasi amene wadyedwa. Kusintha kotchedwa Byzantium, mu October 2017, ndiko kunabweretsa kachizindikiro ka 1 ngati zatheka ndi 0 ngati zakanika, pamodzi ndi njira yoti pulogalamu inene chifukwa chimene yaimira. N'chifukwa chake lero pa Etherscan, webusayiti yoonera malipiro a Ethereum, mumaona "Fail" yofiira, nthawi zina ndi mawu oti "Out of gas" kapena "execution reverted". Chifukwacho chimalembedwa ndi amene anapanga kontirakitiyo, ndiye chimadalira chifundo chake. Wina amalemba "ERC20: transfer amount exceeds balance", zimene munthu wodziwa Chingerezi akhoza kumva kuti watumiza zoposa zimene ali nazo. Uniswap yakale, pulogalamu yosinthira ndalama, imalemba "INSUFFICIENT_OUTPUT_AMOUNT", kutanthauza kuti mtengo wasuntha musanamalize kugula. Koma pali uthenga wina wa Uniswap wa zilembo zitatu zokha, "STF". Ophunzira za makompyuta a ku Mzuni akhoza kuufufuza n'kupeza kuti ndalama yakanika kuchoka m'waleti, mwina chifukwa chosapereka chilolezo kapena chosakwanira. Mayi wogulitsa zitenje sangautulukire.

Yachitatu ndi kutsakamira, ndipo ili ndi mbali imene Bitcoin ilibe. Malipiro alionse ochoka pa adiresi imodzi ali ndi nambala yake ya pa mzere, nonce, ndipo amayenera kupita motsatana. A nambala 7 akatsakamira chifukwa cha yotumizira yochepa, a nambala 8 ndi 9 amaima kumbuyo kwake, ngakhale muwalipirire zochuluka bwanji. Munthu wosadziwa amaganiza kuti sizinapite, amatumizanso, kenako kachitatu. Tsiku limene mtengo wa gasi watsika, onse atatu amapita limodzi. Waleti ya MetaMask imathandiza ndi mabatani awiri, "Speed up" ndi "Cancel", koma dzina lachiwirili limalonjeza zoposa zimene limachita. Kwenikweni limatumiza ziro kwa inu nomwe pogwiritsa ntchito nambala yomwe ija ndi yotumizira yokwererapo, kawirikawiri ndi 10 peresenti kapena kuposa, n'cholinga choti atsopanowa apitirire akale aja. Ndi mpikisano, ndipo mukhoza kugonja. Mukapambana, Etherscan imalemba pa akale aja kuti "Dropped & Replaced", ndipo mwalipirabe yotumizira ya kufafanizako.

Chimene chasintha zinthu m'zaka zaposachedwa ndi kuyeserera musanasaine. Waleti ngati Rabby imayendetsa malipiro anu mongoyesa n'kukuonetsani chimene chituluke ndi chimene chilowe, ndipo ikaona kuti zikanika imakuchenjezani musanawotche gasi. Kwa ine imeneyi ndi njira yabwino kwambiri yonenera za kukanika: kunena zisanachitike. Si ulosi wosaphonya, chifukwa buloko imatuluka masekondi 12 aliwonse ndipo mitengo imasuntha, koma imagwira zolakwa zambiri za tsiku ndi tsiku. Zambiri mwa izi zimagwiranso ntchito pa netiweki zina zomangidwa mofanana ndi Ethereum, monga BNB Smart Chain ndi Polygon.

Tron: kumene kumadutsa USDT yambiri ya abale athu

Vuto la alamu linali la kuno. Nditawapempha nambala ya malipiro n'kuiika pa Tronscan, webusayiti yoonera malipiro a Tron, chifukwa chinaoneka poyera: "OUT OF ENERGY". Tron ili ndi zinthu ziwiri zimene imawerengera, bandwidth ndi energy. Bandwidth yochepa amapereka yaulere tsiku lililonse, koma kutumiza USDT kumafuna energy, ndipo ngati mulibe, netiweki imawotcha TRX yanu, ndalama ya Tron, m'malo mwake. TRX ikathera panjira, malipiro amakanika, USDT imakhala pomwepo, TRX yowotchedwayo osabwerera.

Chimene chinawapusitsa alamu n'chakuti sabata yapitayo anatumizira mnzawo ndalama ndi TRX yochuluka chimodzimodzi ndipo zinayenda. Iwo sankadziwa kuti kutumiza USDT ku adiresi imene ilibe USDT ngakhale pang'ono kumadya energy pafupifupi kuwirikiza kawiri. Waleti ya achemwali inali yatsopano, yopanda kanthu. Ndinawaimbira: "Alamu, musatumizenso kaye. Madola anu ali pomwepo. Gulani TRX yokwanira choyamba, apo ayi muwotchanso yotsalayo pachabe." Anali atayesa kale kawiri.

Tron siikusungani m'malere nthawi yaitali, poti buloko imatuluka masekondi atatu aliwonse ndipo yankho limabwera msanga. Kufooka kuli pa mawaleti amene amangolemba "Failed" osatchula za energy. Musanasankhe waleti ya USDT, yesani kutumiza kandalama kochepa n'kuona ngati isanakufunseni pini imakuuzani TRX imene idyedwe. Ngati siinena, isiyeni.

Solana

Solana ili ndi chinthu chimodzi chimene ndimachisirira. Malipiro alionse amakhala ndi nthawi yothera, mabuloko 150, amene ndi mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Akapanda kulowa m'nthawi imeneyo afa, sangadzukenso, simunadulidwe kanthu, ndipo mukhoza kutumizanso mtima uli m'malo. Funso langa lachitatu lija palibe wina amene amaliyankha momveka chonchi. Akalowa koma n'kukanika, yotumizira imadulidwa, koma ndi yochepa kwambiri, kuyambira pa 0.000005 SOL, ndalama ya Solana.

Mawu ake ndiye ayi. "Blockhash not found" ndi njira yake yonenera kuti mwachedwa, mwina chifukwa netiweki ya foni inadukaduka muli ku Zolozolo. Ndipo pali "custom program error: 0x1771", imene mukaisandutsa nambala wamba ndi 6001, ndipo pa Jupiter, pulogalamu yosinthira ndalama, imatanthauza kuti mtengo wasuntha kupitirira malire amene munaika. Nambala yomweyo pa pulogalamu ina ikhoza kutanthauza china. Waleti ya Phantom imayeserera malipiro musanasaine, ndipo zimenezi zimachepetsako mavuto.

Lightning, ya ndalama zing'onozing'ono

Lightning ndi njira yotumizira Bitcoin osadikira buloko. Ndalama imadutsa mwa anthu angapo mpaka kukafika, ndipo inapangidwa kuti ifike yonse kapena ibwerere yonse. Ikakanika simuluza kanthu. Zifukwa zake n'zochepa ndipo zimamveka: njira yasowa chifukwa a pakati alibe ndalama yokwanira kudutsitsa yanuyo, zimene aliyense amene anauzidwapo ndi ejenti kuti "float yatha" amazimvetsa, kapena invoice, pempho la malipiro lochokera kwa wolandira, yatha nthawi, imene ikakhala yosasinthidwa ndi ola limodzi. Nthawi zina malipiro amaima pakati chifukwa kompyuta ina panjira yazima, ndipo akhoza kukhala choncho maola kapena masiku asanabwerere. Pamenepo musapemphe invoice yatsopano n'kulipiranso, chifukwa oyamba aja akhoza kufikabe. Pa ndalama ya khofi kapena ya mayunitsi, kukanika kwa Lightning ndiko kosapweteka kuposa konse. Ikakula ndalama, kusowa njira kumachuluka.

Misika ya pa intaneti: mawu ofewa, khomo lotseka

Anthu ambiri kuno sagwira blockchain ndi manja awo. Amasunga ndalama pa exchange, msika wa pa intaneti wogulira ndi kugulitsira ndalamazi, ndipo imeneyo imalankhula Chingerezi chosavuta: "Processing", "Completed", "Rejected". Poyamba mungaganize kuti iyi ndiyo yabwino. Koma "Processing" ndi liwu lobisa zambiri. Likhoza kutanthauza kuti akudikira mabuloko okwanira, kapena akufufuza akaunti yanu, kapena aimitsa kutapa pa netiweki imeneyo, kapena kampaniyo ilibe ndalama. Mu November 2022 makasitomala a exchange ya FTX anaona kutapa kwawo kukuchedwa, kenako kuimitsidwa, ndipo pa 11 mwezi womwewo kampaniyo inalengeza kuti yagwa. Pa foni zonsezi zimaoneka mofanana.

Chosiyanitsa ndi chimodzi, TxID. Imeneyi ndi nambala yaitali ya malipiro, ya zilembo ndi manambala 64 pa Bitcoin ndi Tron, ndipo pa Ethereum imayamba ndi 0x. Ngati exchange yakupatsani TxID, ndalama yatuluka ndipo mukhoza kuitsata nokha pa mempool.space, Etherscan, Tronscan kapena Solscan. Ngati palibe, ndalama ikadali m'manja mwawo, kapena yangosamutsidwa mkati mwa kampani yomweyo kuchoka pa akaunti ina kupita pa ina, ndipo oyenera kufunsidwa ndi iwowo. Ubwino umodzi wa exchange, umene sindingaukane, ndi woti kuli anthu oti muwalembere, ndipo pogulana ndi munthu wina ndalama imasungidwa pakati mpaka onse awiri avomereze.

Kukanika kolembedwa "Success"

Zonse zimene ndatchulazi zili ndi chizindikiro chofiira kapena chachikasu. Zoopsa kwambiri zimabwera ndi chobiriwira, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Adiresi ya Ethereum ndi ya BNB Smart Chain zimaoneka chimodzimodzi, zonse zimayamba ndi 0x. Mukasankha netiweki yolakwika, malipiro amatheka ndithu, kaundula amalemba kuti zonse zili bwino, koma wolandira saona kanthu. Ngati ali ndi waleti yakeyake, kawirikawiri ndalamayo amaipeza akasintha netiweki m'waletimo. Ngati ndi akaunti ya pa exchange imene silandira netiweki imeneyo, kuibweza kumadalira kampaniyo, ndipo nthawi zina sikutheka. Adiresi ya Tron imayamba ndi T, choncho kusokoneza kumeneku n'kovutirapo, ndipo mawaleti ambiri amakana adiresi yosagwirizana ndi netiweki. Potumiza ndalama za XRP kapena XLM ku exchange pamafunikanso kanambala kowonjezera, tag kapena memo, ndipo mukaiwala ndalama imafika pa kampani koma osadziwika mwini wake.

Palinso "Success" wabodza. Aliyense akhoza kupanga ndalama yake n'kuitcha USDT, ndipo chithunzi cha pa WhatsApp mwana wa sekondale akhoza kuchikonza. Ndi akathyali omwe aja a "ndatumiza molakwika, bwezani", angosintha malaya. Pa Tron, kontirakiti yeniyeni ya USDT imayamba ndi TR7NH, ndipo Tronscan imaonetsa kontirakiti ya ndalama imene mwalandira. Mukalemba pa gulu la Facebook kapena Telegram kuti ndalama yanu yatsakamira, pabwera "othandiza" opempha mawu 12 achinsinsi otsegulira waleti yanu. Palibe kukanika kulikonse pa zimene ndafotokozazi kumene kumakonzedwa ndi mawu amenewo. Amene mwamupatsa mwamupatsa ndalama zonse.

Ine ndingasankhe chiyani

Zimatengera chimene chimakupwetekani kwambiri zikavuta. Ngati ndi nthawi, monga wa geni amene akuthamangira boda isanatseke, Tron ndi Solana zimakupatsani yankho msanga, labwino kapena loipa, pomwe Bitcoin ikhoza kukugonetsani pa depoti. Ngati ndi ndalama yodulidwa, pewani kuyesayesa pa Ethereum, kumene kukanika kulikonse kwa m'buloko kumalipiritsa, ndipo pa Tron sungani TRX yoposa imene mukuganiza kuti ikufunika. Ngati mumaopa kulipira kawiri, Solana ndiyo yomveka, Ethereum ndiyo yofuna kusamala kwambiri chifukwa cha mzere wa nonce uja. Wosunga Bitcoin kwa nthawi yaitali, amene amatumiza kamodzi pa miyezi ingapo, asankhe waleti yokhala ndi batani lokwezera yotumizira ndipo alitsegule asanalifune.

Pa mawaleti enieniwo, ndimayang'ana zinthu ziwiri: ngati imayeserera ndi kunena mtengo ndisanasaine, komanso ngati TxID ndimaipeza mosavuta n'kuikopera. Palibe ngakhale imodzi mwa zimene ndagwiritsapo ntchito imene inandiuza chifukwa chokanikira m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ndiye kumasulirako kumagwera ife abale amene tinapitako kusukulu.

Alamu anagula TRX masana omwewo n'kutumizanso, ndipo madola anafika achemwali asanamalize kumwa tiyi. Basi ya tsikulo inali itapita kale, anakwera ya m'mawa mwake. Masiku ano akanena kuti atumiza, achemwali safunanso chithunzi. Amangoti, "Bambo a ana, tumizani nambala yaitali ija."